Masamu Oimba a Mwalimu Barnaba

M'zaka zimene dera la kum'mawa kwa nyanja lidali m'manja mwa Kampani ya Nyasa, pamene sitima ya mishoni inkaima gombe ndi gombe kutola nkhuni, pamudzi wa asodzi wotchedwa Mabwe, kumpoto kwa Msumba, padali kasukulu ka bango ndi udzu. Mipando idali mitengo yogoneka pansi, masileti adali ochepa kuposa ana, ndipo belu lidali khasu lakutha lopachikidwa pamtengo wa mkuyu. Wosunga sukuluyo adali Mwalimu Barnaba, munthu wa khosi lalitali ndi mawu onga lipenga, amene akayambitsa nyimbo m'tchalitchi, ngakhale nkhalamba zoodzera kumbuyo zinkadzidzimuka n'kuyamba kuvomera zisanadziwe kuti nyimboyo ndi iti.

Ndiyenera kunena poyambirira pomwe kuti munthuyu sadali waulesi, sadali chidakwa, ndipo ana ankawafunira zabwino. Owerenga amene mukuyembekezera kumva za munthu woipa mtima mukhumudwa. Zolakwa zoopsa kwambiri sizichokera kwa anthu oipa. Zimachokera kwa munthu wabwino amene wapeza chinthu chimodzi chokoma, n'kulumbira kuti china chilichonse ndi zinyalala.

Chinthu chokoma cha Barnaba chidali nyimbo. Adatenga nyimbo imene asodzi ankaimba popalasa bwato la khoka, ija yoti mmodzi amatsogola ena onse n'kumavomera, nachotsamo mawu ake akale, n'kuikamo masamu. M'mawa uliwonse ankaima patsogolo pa ana, bango lili m'dzanja, n'kufuula kuti, "Zitatu kawiri?"

Ana ankayankha mogwedeza mapewa ngati ali ndi nkhafi m'manja: "Zisanu n'chimodzi, palasa!"

"Zitatu katatu?"

"Zisanu n'zinayi, palasa!"

"Zitatu kanayi?"

"Khumi n'ziwiri, palasa!"

Inkakoma nyimboyo, tisanamizane. Amayi ochapa kugombe ankasiya nsalu n'kutchera khutu. Padiri amene ankabwera chaka ndi chaka kudzayesa ana, pokhala munthu wokonda zoimba, ankapukuta misozi ndi mpango n'kubwerera ku Msumba akutamanda sukulu ya ku Mabwe. Matamando amenewo adali ofunika kwa Barnaba kuposa mmene mungaganizire, pakuti lamulo la mishoni lidali lodziwika: mwalimu amene ana ake alephera mayeso amachotsedwa pasukulu yake, n'kutumizidwa kukakhala wothandizira pansi pa mwalimu wina kumapiri a ku Maniamba. Kwa Barnaba, mwana wa msodzi, mdzukulu wa msodzi, dzina la Maniamba lidali ngati chilango cha tsiku lomaliza. Ankati kumeneko nsomba imafika itauma ngati chikopa cha ng'oma, kuzizira kumalowa m'mafupa, ndipo munthu akafuna kusamba amachita kupempha madzi a m'chikho.

Akadangoimbitsa nyimbo yake, nkhani ino sikadakhalapo. Koma Barnaba adali ndi bala lakale. Ali mnyamata kusukulu ya aphunzitsi, anzake adamupeza akuwerenga zala zakuphazi pansi pa tebulo, ndipo adamuseka mpaka tsiku lomaliza maphunziro. Kuyambira pamenepo adatsimikiza mumtima kuti kuwerenga ndi zala, ndi miyala, ndi nkhomo za bawo, ngakhale kulemba mizere pamchenga, ndi khalidwe la anthu osaphunzira. Choncho pasukulu ya ku Mabwe adaika lamulo: masamu ndi a pakamwa, dzanja likalowererapo, bango lilowererapo.

Ana, monga mudziwa, ali ngati madzi: ukawatseka uku amatulukira uko. Atawaletsa zala, adayamba kuwerenga pansi pa nsalu. Barnaba adalamula kuti nthawi ya masamu aliyense akhalire manja ake. Zala zakuphazi zidayamba kugwedera. Adalamula kuti mapazi akwiriridwe mumchenga mpaka m'mfundo. Munthu wodutsa akasuzumira m'sukulumo ankaona mizere ya ana okhalira manja, opanda mapazi, ngati zitsa zoimba.

Tsiku lina adaona tsaya la Basilio, mnyamata wonenepa wa mutu wometa, likutupa uku n'kuphwa uko.

"Basilio! M'kamwamo muli chiyani?"

"Mulibe kanthu, a Mwalimu."

"Nanga tsayalo likuyenderanji?"

"Ndikuona ngati mano onse alipo."

"Ukuwerenga mano ndi lilime, iwe! Ukuyesa ndinabadwa dzulo?"

"Mwati zala ndi miyala, a Mwalimu," adayankha Yuniya, mtsikana wa maso akuthwa amene ankakhala pafupi ndi khomo. "Za mano simunanene."

"Ndanena tsopano. Mano ndi otafunira. Ndipo iwe, popeza pakamwa pako m'pothamanga, utsale usese bwalo."

Mkazi wa Barnaba adali Susana, amene asanakwatiwe adaphunzitsako atsikana kusoka ndi kuwerenga ku Msumba. Mwana wawo woyamba adali Yohana, choncho ankaitanana ndi dzina la mwanayo. Masana ena, Susana akuyala usipa pathandala kuseri kwa nyumba, bwato la khoka lidadutsa pafupi ndi gombe, ndipo asodzi onse adali kuimba mokweza: "Khumi n'ziwiri, palasa!"

Barnaba adatukula chifuwa. "Mwamva, mai a Yohana? Nzeru zasefukira m'sukulu mpaka zafika panyanja."

"Ndamva," adatero Susana osatembenuka. "Wotsogola nyimbo uja ndi Shamsu, amene sanapondepo m'sukulu chibadwire. Ndiye kuti iyenso wakhoza mayeso? Mumupatse sileti, mwina adzakulowani m'malo."

"Inu nthawi zonse mumafuna pogwira."

"Sindifuna pogwira, bambo a Yohana, ndikufunsa. Khumi n'ziwiri za chiyani? Ana aja akaimba, m'mutu mwawo amaona chiyani? Taonani thandalali: mizere itatu, uliwonse nsomba zinayi. Mwana mutamuimika pano n'kumuimbitsa nyimbo yanu yomweyo akuloza ndi chala, zingamutuluke m'mutu?"

"Ndiphunzitse ana a mishoni ndi usipa? Kuti anthu azinena kuti Barnaba adapita kusukulu ya aphunzitsi kukatenga fungo la nsomba?"

"Fungo la nsomba ndi limene lidakulipirirani ulendo wopita kumeneko."

Barnaba adangotembenuka n'kulowa m'nyumba. Amuna ambiri akalowa m'nyumba chotero amayesa kuti apambana.

Mvula itayandikira, sitima idaima ku Mabwe kutenga nkhuni, ndipo idasiya uthenga umene udasungunula chiwindi cha aphunzitsi onse a m'mbali mwa nyanja. Padiri wokonda nyimbo uja adadwala malungo n'kupita kukapuma ku Likoma. Wodzayesa ana chaka chimenecho adali Padiri Timoteo, nkhalamba ya kwathu konkuno, imene idakulira m'chipinda cha moto cha sitima ya mishoni isanalowe unsembe. Phokoso la makina lidamudyera makutu, ndipo kwinini, mankhwala a malungo, adamalizitsa zotsala. Ankayenda ndi nyanga ya ng'ombe yoboola kunsonga. Munthu mmodzi akalankhulira m'nyangamo pafupi, ankamva, koma anthu ambiri akalankhulira pamodzi, kwa iye udali mkokomo chabe.

Susana atamva adasiya mtondo n'kumutsata mwamuna wake kusukulu.

"Bambo a Yohana, nthawi ikadalipo. Munthu wosamva amayesa ndi maso. Tumani ana akatole miyala kugombe, muwaonetse chimene nyimbo yanu imanena. Ine ndikuthandizani ndi ang'onoang'ono."

"Miyala m'sukulu mwanga? Ana adzati chiyani, poti dzulo ndinkawakwapula chifukwa cha miyala yomweyo?"

"Adzati a Mwalimu awonjezera nzeru."

"Adzati a Mwalimu adalakwa. Ayi. Ngati Padiri ali wogontha, mankhwala ake ndi amodzi: ana aimbe mokweza."

"Mukuti bwanji?"

"Mokweza, mai a Yohana. Palibe khutu limene silitseguka."

Susana adati, "Ndikayambe kusoka malaya ochindikala. Akuti kumapiri kumazizira."

Apa ndi pamene ndikufuna owerenga aimirire pang'ono. Munthu akachenjezedwa, pamakhala njira ziwiri: kusintha chimene akuchita, kapena kuchita chomwecho mwamphamvu koposa. Njira yachiwiriyi imaoneka ngati khama, ndipo anthu amaitamanda; koma wopalasa bwato lomangirira pamtengo, ngakhale athyole nkhafi, amagona pomwepo.

Masabata otsatirawo mudzi wa Mabwe sudaone mtendere. Barnaba adasiya zonse n'kulimbikira kukweza mawu. Ankatuma mwana kukaima kuthanthwe la kutali. Mwanayo akapanda kumva bwino, onse ankayambiranso. Ndime ya ziwiri ndi ya zitatu adaziimba mpaka nkhuku zidasamutsa zisa. Ndime ya zinayi, imene ana adayenera kuyamba nyengo imeneyo, idaikidwa pambali, pakuti panalibe nthawi yophunzira zatsopano pamene zakale zisanafike kuthanthwe. Ana adakondwa nazo kwabasi. Ndi liti pamene mwana adaloledwa kukuwa tsiku lonse n'kuyamikiridwa? Basilio ankapikisana ndi anzake kuti aone amene angathamangitse mbuzi ya oyandikana nawo ndi liwu limodzi, ndipo atafika kwawo, mai ake akamufunsa ngati wasamba, ankayankha mokuwa kuti, "Ndasamba, palasa!" mpaka adalandira chikoti china chosakhudza masamu.

Tsiku la mayeso lidafika. Padiri Timoteo adatsika m'bwato ndi mkanjo wake wofumbwa, nyanga ili m'khosi pachingwe, ndipo wopalasa wake adanyamula dengu lovundikira ndi masamba. Makolo adasonkhana kuzungulira bwalo. Adamuikira mpando pansi pa mkuyu, ana n'kukhala m'mizere, manja pansi pa matako, mapazi mumchenga.

Barnaba adakweza bango. "Zitatu kawiri?"

Chimene chidatuluka pakamwa pa anawo sindingachitche nyimbo. Mbalame zidabalalika mumkuyu, agalu adathawira kuseri kwa nyumba, khanda lina lidayamba kulira kumbuyo kwa mai ake. Barnaba adatsogola ndime zonse ziwiri thukuta likuyenderera m'khosi, ndipo pomaliza adatembenukira kwa Padiri ndi nkhope ya munthu amene wakoka khoka lodzaza.

Padiri Timoteo adagwedeza mutu mwaulemu. "Zikomo, Mwalimu. Ndaona pakamwa pambiri, ndipo mano onse ndi oyera bwino. Koma chimene chafika m'mutu mwanga ndi chimene ndimamva mwera ukakalipa panyanja. Abwere mmodzimmodzi, alankhulire munyangamu. Tiyambe ndi wamutu wometa uyo."

Basilio adafukula mapazi ake, nayandikira.

"Mwana wanga, zitatu kanayi ndi zingati?"

Basilio adayang'ana a Mwalimu. Adayang'ana anzake. Adayang'ananso nyanga.

"Sizikubwera, Abambo."

"Chifukwa?"

"A Mwalimu sanatsogole. Akapanda kutsogola sizibwera. Ndiponso zimafuna anthu ambiri."

"Taziitana wekha, mwina zikumvera chisoni."

Basilio adatsinzina, nayamba kugwedeza mapewa, akung'ung'udza nyimbo kuyambira pachiyambi penipeni. Adapalasa kudutsa kamodzi, kawiri, katatu, atafika pamalo pake adaiwala kuti pakamwa pake pali panyanga, n'kukuwa ndi mphamvu zonse za masabata aja: "Khumi n'ziwiri, palasa!"

Nkhalamba idadumpha pampando ngati yalumidwa ndi chinkhanira. Makolo adagwira pakamwa. Padiri adapukusa mutu, natokosa khutu ndi chala, kenaka adati mofatsa, "Limeneli lamveka. Khumi ndi ziwiri ndalandira, wakhoza. Nanga 'palasa' ndi zingati?"

"Amabwera limodzi, Abambo. Sasiyana."

"Chabwino. Khala pansi, wandichiritsa khutu limodzi." Adapisa m'thumba la mkanjo natulutsa timiyala todzaza dzanja, n'kutitaya pamchenga. Ana onse adabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. "Iwe wa maso akuthwa, dzina lako ndani?"

"Yuniya, Abambo."

"Yuniya, mnzako wandiuza kuti zitatu kanayi ndi khumi ndi ziwiri. Ine ndine wogontha, sindikhulupirira za kumva. Ndionetse ndi miyalayi."

Yuniya adabisa manja kumbuyo n'kuyang'ana bango la a Mwalimu. Barnaba, atasowa chochita, adagwedeza mutu kuti agwire. Mtsikanayo adagwada. Adatenga miyala itatu naiika apa. Adaganiza pang'ono, natenga inayi naiika apo. Adaiphatikiza, naiwerenga, nabwerezanso. Kenaka adadzuka, nasasa mchenga m'mawondo, n'kulankhulira m'nyanga ndi mtima wonse:

"Miyala yanama, Abambo. Ikuti zisanu n'ziwiri, pamene nyimbo imati khumi n'ziwiri. N'chifukwa chake a Mwalimu adailetsa."

Kuseka kumene makolo adakhala akukumeza kudaphulika. Barnaba adalakalaka nthaka itang'ambika. Padiri yekha ndi amene sadaseke. Adaitana ana ena angapo, ndipo zidali chimodzimodzi: yankho linkabwera pambuyo pa ulendo wautali wa mapewa, koma miyala ikaikidwa patsogolo pawo, ankaiyang'ana ngati chilankhulo cha Azungu a kuboma.

Dzuwa litafika pamutu, Padiri adati onse akapume. Adavundukula dengu lija, momwe mudali malalanje a m'munda wa mishoni, nagawira ana ang'onoang'ono. Kenaka adapatula khumi ndi awiri, naitana Yuniya, Basilio ndi mnzawo wina. "Awa ndi a inu atatu, chifukwa mwavutika kwambiri. Kadyereni kugombe, mugawane popanda ndewu." Ana atathamanga, nkhalamba idanong'oneza kamlongo kake ka Basilio kuti kadikire pang'ono kenaka kawatsatire kakapemphe nawo. Iyo idazungulira mwakachetechete n'kukaima kuseri kwa bwato lovundikira. Ndikuuzeni, ana a ku Mabwe adali ochenjera, koma tsikulo adakumana ndi mkulu wawo.

Yuniya adakumba timaenje titatu pamchenga ndi chidendene, monga amachitira posewera bawo, nayamba kuponyamo malalanje: ili lako, ili lako, ili langa. Mosakhalitsa enje lililonse lidali ndi anayi. Asanasende ngakhale limodzi, kamlongo kaja kadafika kakulira kuti nako kapatsidwe.

"Choka, si ako," adatero Basilio.

"Ndikakunenera kwa amai kuti unathyola mbiya."

Basilio adausa moyo. "Kumba lina, Yuniya."

Yuniya sadayambirenso kugawa. Adakumba enje lachinayi, natenga lalanje limodzi m'enje lililonse mwa atatu aja, n'kuponya m'latsopanolo. "Atatu atatu. Aliyense atseke pakamwa."

Pamenepo mthunzi wa mkanjo udagwera pamchenga. Ana adauma.

"Musaope," adatero Padiri, akutsamira pabwato n'kuloza nyanga kwa Yuniya. "Malalanje onse analipo angati?"

"Khumi ndi awiri, Abambo."

"Muli atatu, aliyense anali ndi angati?"

"Anayi anayi."

"Atabwera wachinayiyu?"

"Atatu atatu."

"Waona bwanji msanga chotero?"

"Zimaoneka zokha, Abambo. Ukachotsa limodzi limodzi m'maenje atatu, ndiye atatu a munthu wachinayi."

"Wanena bwino. Tsono tandiuza: zinayi katatu ndi zingati?"

Yuniya adakwinya nkhope. Mapewa ake adayamba kugwedera, kenaka adaleka. "Imeneyo sitinafikepo, Abambo. Ndime ya zinayi a Mwalimu akuti tidzaimba mvula ikatha."

Padiri adaloza maenje aja ndi ndodo yake. "Nanga ichi wachita pamchengachi n'chiyani?"

"Uku ndi kugawana chabe. Masamu ndi aja oimba." Adayang'ana kusukulu, natsitsa mawu mpaka nkhalamba idachita kukankhira nyanga pakamwa pake. "Chonde, Abambo, musawauze a Mwalimu kuti tagwiritsa manja."

Panalibe chifukwa chowauzira. Barnaba adali atatsika kudzaitana mlendo ku chakudya, ndipo adaima kumbuyo kwa bwato lomwelo kuyambira pamene enje lachinayi linkakumbidwa.

Anthu atabalalika, awiriwo adakhala m'sukulu mopanda ana. Barnaba adagwada pafupi ndi nyanga.

"Abambo, mayankho onse anali olondola. Palibe mwana amene waphonya nambala."

"Zoona, Mwalimu. Ndipo nyimbo yanu musaitaye. Inenso ndikadakhala ndi makutu ndikadaikonda. Koma tamverani. Ana anu ali ndi masamu pakamwa, ali ndi masamu m'manja, ndipo inu mwamanga mpanda pakati kuti ziwirizi zisaonane. Mtsikana uja wachita zinayi katatu pamchenga ine ndikuona, ndipo akudikira mvula ithe kuti mudzamuuze yankho. Sindinapeze mwana wopusa pano ngakhale mmodzi. Ndapeza ana amene aphunzitsidwa kuti chimene maso awo akuona n'chabodza."

"Ndisintha, Abambo. Mawa lomwe nditola miyala ndi manja angawa."

"Kodi panalibe wokuuzani zimenezi ine ndisanabwere?"

Barnaba adaweramitsa mutu. Kunja, pafupi ndi khoma la bango, wina adatsokomola. Chidali chifuwa chimene Barnaba ankachidziwa bwino.

"Ndamva ngakhale ine," adatero Padiri. "Ndiye kuti mudauzidwa. Mukadakhala wosadziwa, ndikadakusiyani pano n'kukutumizirani wokuthandizani. Koma wokuthandizani mudali naye m'nyumba, ndipo simudamumvere chifukwa sadali pamwamba panu. Mukufunika munthu amene simungamutsekere chitseko. Ku Maniamba kuli Mwalimu Teodoro. Amaphunzitsa ndi mizere ya pachitsononkho ndi mapando a m'munda, koma kuimba sadziwa, ana ake amalira ngati achule. Mukamupatse chimene muli nacho, akupatseni chimene mulibe. Mukadzatha kuphunzitsa chinthu chimodzi m'njira zitatu, tidzakambirane za kunyanja."

"Abambo, kumeneko kulibe nsomba."

Padiri adachotsa nyanga kukhutu naikoleka m'khosi. "Pepani, Mwalimu, sindikumva."

Mwezi usanathe, banja la Barnaba lidanyamuka. Makolo adawaperekeza mpaka patsinde pa phiri, ena achisoni, ena akubisa nkhope m'nsalu pa zifukwa zina. Kuchokera pamenepo njira idaima chilili. Barnaba adasenza bokosi la mabuku, Susana mtolo wa ziwiya pamutu ndi mwana kumsana. Mkaziyo sadalankhule kanthu m'mawa wonse, ndipo aliyense wokwatira adziwa kuti chete wotero ndi wolemera kuposa bokosi. Atafika pokhota pomaliza, pamene nyanja imaoneka kotsiriza munthu asanalowe m'nkhalango, adatula mtolo, napukuta thukuta, n'kuyang'ana mwamuna wake amene adali wefuwefu, lilime panja.

"Ine sindinaletse mwana wa munthu kuwerenga zala," adatero, "koma phiri ndikukwera limodzi ndi inu. Tsogolani nyimbo, a Mwalimu. Mokweza. Mwina lifupika."

Barnaba adatsegula pakamwa, koma mudalibe mpweya ngakhale wa liwu limodzi. Adasenzanso bokosi lake, napitiriza kukwera.

Tsono inu aphunzitsi a lero, inu makolo, ndi inu nonse amene mwapatsidwa mwana kuti mumutsegule mutu, chenjerani. Mwana akakupatsani yankho lolondola musafulumire kuomba m'manja. Mufunseni akuonetseni, alijambule pansi, aliyale ndi nthanga, alipeze m'dengu la mai ake. Chimene mwana wachidziwa m'njira imodzi yokha sanachidziwe, wangochisunga, ndipo tsiku limene njirayo idzatsekeke adzaima manja ali kumbuyo. Barnaba sadakwere phiri chifukwa nyimbo yake idali yoipa. Adalikwera chifukwa adaiwala chimene woimba ng'oma aliyense wa kumudzi amadziwa, chimene akale adatisiyira m'mawu ochepa: nyimbo imodzi sachezera gule.